Manja Anga ndi Gumbagumba ya Agogo Anu

Tazimitsa kaye chimenecho, Tendai. Ayi, sindikudana ndi nyimbo zako, ngakhale kuti sindimva chimene akuimba anthu akewo. Ndikufuna ubwereze mawu amene wamuuza mlongo wako. Rudo wakhudza sipika yako, kamoto kamuluma chala, sipika yathetheka, ndiye iwe wati chiyani? Wati, "Chotsa manja ako a ufitiwo." Ukuseka. Ndikudziwa kuti umangocheza. Khalani pansi nonse awiri. Iwe Rudo, siya kuyamwa chalacho, sichituluka magazi. Uno ndi mwezi wa Ogasiti, mphepo yauma, ndipo wavala juzi ya nayiloni uku ukupondaponda pa mkeka wa pulasitiki. Nkhani yonse ndi yomweyo. Ine zinanditengera zaka kuti ndiidziwe, ndipo pamene ndinkaidziwa n'kuti banja langa litatha kalekale.

Inu ana a ku Chinhoyi mumangodziwa kuti agogo anu aakazi amakhala okha kuno ku Centenary, ndi nkhuku zawo, m'mphepete mwa munda wa thonje wa eni ake. Simunafunsepo chifukwa chake sindinakalambire m'nyumba imodzi ndi agogo anu aamuna. Mwina amayi anu anakuletsani kufunsa. Ine sanandiletse kunena.

Ndinabadwira mu komboni ya pulazi ina ya fodya, cha ku Raffingora. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, kudzera ku Tete, atapachika mkeka ndi kathumba ka chimanga chokazinga pa ndodo. Ankati akagwira ntchito pang'ono agule njinga abwerere kwawo. Njinga anagula, koma manda awo ali kuseri kwa mabani momwe ankawotchera fodya. Dedzayo ine sindinamuonepo. Ashona ankatitchula mabwidi, dzina lonyoza ife obwera, mzungu ankatiitana ndi mluzu, ife n'kumathamanga. Inu lero mukadandaula kuti kombi, minibasi yanu ija, yadzaza ndimangokuyang'anani. Ndinayamba ntchito msinkhu wa Rudo yu, kumanga fodya m'shedi, manja akuda bii ndi utomoni wosachoka ndi sopo. Loweruka tinkalandira ufa, nyemba zofumbwa ndi mchere wa miyala. Nyama inkaoneka ng'ombe ikathyoka mwendo.

Agogo anu, a Laisoni, ankayendetsa thirakitala. Tisanamizane, anali mwamuna wooneka bwino, wa mpata kumano, wodziwa kuvina. Iwe Tendai unatenga mapewa awo, ndipemphere kuti usatenge zina. Tinakwatirana ku tchalitchi cha pa komboni, Malita n'kubadwa, amene ndi amayi anuwo. Nkhondo yomenyera ufulu itatha a Laisoni anakwezedwa kukhala kapitawo, ndipo tinachoka m'nyumba ya udzu kupita m'nyumba ya njerwa, pafupi ndi galaja ya mathirakitala. Nyumba imeneyo inali ndi magetsi. Apongozi anga, aNambewe, anabwera kudzakhala nafe, chifukwa amuna awo anali atamwalira ndipo pa pulazi mkazi wamasiye alibe nyumba.

Chaka china fodya atagulidwa bwino, a Laisoni anapita ku tauni n'kubwerako ndi gumbagumba. Musaganize ngati kasipika kako aka, Tendai, koti kakwana m'chikwama n'kumaimba ndi foni. Imeneyo inatsika pa lole ndi anthu atatu. Masipika awiri aatali ngati Malita wa nthawiyo, bokosi la kumaso kwa siliva lokhala ndi zopotokola, ndi pamwamba pake poikapo zimbale. Zimbale zinali zakuda, zazikulu ngati chivindikiro cha poto, ndipo nyimbo inkatuluka kasingano kakamayenda m'timizere take. Pa nthawi yomweyo dona wa pa pulazi anataya kapeti yofiira ya nayiloni, a Laisoni n'kuitola. Itayalidwa pabalaza, komboni yonse inabwera kudzaona. Ndinanyada, ndisakubisireni. Ndinkayenda pa kapeti ija ndi patapata wanga ngati mkazi wa mfumu.

Ntchito yopukuta fumbi inali yanga. Pa pulazi fumbi silitha, makamaka mathirakitala akamadutsa pakhomo. Ndinali ndi duku lakale la nayiloni, losalala, ndipo ndinaona kuti limenelo silingakande zimbale. Ndinkapukuta ndi mtima wonse. Koma ndikapukuta, fumbi ndi tiubweya ta kapeti tinkachita kudumphira pa chimbale ngati taitanidwa. A Laisoni akaweruka n'kuikapo, nyimbo inkayamba ndi kuthetheka ngati maputi pa chiwaya.

"Wachita nazo chiyani zimbalezi?" ankandifunsa.

"Ndangopukuta, bambo a Malita."

"Kupukuta kwanji koti zizilira chonchi? Ku sitolo sizinkatero."

Tsiku lotsatira ndinkapukuta kwambiri kuposa dzulo, ndipo zinkathetheka kwambiri kuposa dzulo.

Nyengo yozizira itafika zinthu zinakula. Ndinali nditavala juzi imene ndinagula pa kaunjika, ndikusesa pabalaza masana. Ndinatambasula dzanja kuti ndichepetse mawu a wailesi. Chala chisanafike pa chitsulo, kamoto kabuluu kanadumpha, masipika onse awiri n'kulira ngati mfuti. Ndinakhala pansi ndi mantha. Apongozi anali pakhomo akusenda nandolo, ndipo anaona zonse.

Anadikira mwana wawo.

"Laisoni, ine ndaona moto ukutuluka m'dzanja la mkazi wako."

A Laisoni anaseka tsiku limenelo. Anapita pa gumbagumba, n'kuigwira paliponse, osachitika kanthu. Iwo ankalowa m'nyumba atavula majombo, mapazi ali thukuta lokhalokha, n'kufikira kukhala pa mpando. Ine ndi amene ndinkakwekweza patapata pa kapeti tsiku lonse, khungu litauma ndi chisanu. Koma zimenezo ndani ankazidziwa? Anati ndiyesenso iwo akuona. Ndinayenda kuchoka kukhitchini, ndinatambasula dzanja, kamoto n'kudumphanso. Kuseka kunathera pomwepo.

Anandiletsa kuyandikira gumbagumba. Ndinamvera. Koma kamoto kaja kankanditsata pa chogwirira cha chitseko, ndi pa bulangeti ndikamayala. Ndinayamba kudziopa ndekha. Ndinkayang'ana zikhatho zanga n'kumadzifunsa ngati pali china chimene amayi anga anandisiyira osandiuza. Lachinayi ku msonkhano wa amayi ndinkapemphera kuti Mulungu andichotsere chinthu chimene sindinkachidziwa dzina.

Mvula itagwa zonse zinaleka. Zimbale zinkaimba bwino, chitseko sichinkandiluma. Ine ndinati pemphero layankhidwa. Apongozi anali ndi kuwerenga kwawo. Anauza anzawo pa mpopi kuti, "Mwaona? Masiku ano akuswera kumunda kuwokera fodya, ndiye nyumba yapumula." Munthu akafuna kukupeza ndi mlandu, ana inu, mvula ikagwa ndi umboni, ikaleka ndi umboninso.

Chisanu chotsatira, a Laisoni atapita ku mabani, Malita anapotokola wailesi mpaka mawu anadzaza nyumba. Anali ndi zaka zinayi kapena kuposerapo pang'ono, wosamva ngati iwe Rudo. Ndinathamanga kuti ndichepetse apongozi asanadzuke. Kamoto kanadumpha, sipika ya kumanja inalira kamodzi n'kukhala chete. Sinaimbenso. A Laisoni sanandimenye. Bola akanandimenya, chifukwa kumenyedwa kumapola. Anangondiyang'ana nthawi yaitali n'kupita kukaitana a Zuze.

A Zuze anali munthu wa ku Tete, wokonza magetsi ndi mapampu a pa pulazi, mnzawo wa a Laisoni wa pa mowa. Anabwera ndi chikwama chawo, anamasula bokosi lija, n'kulankhula ndi a Laisoni panja, pansi pa mtengo wa mabulosi. Ine ananditumiza kukatunga madzi. Zimene anakambirana sindinamve.

Sabata yomweyo ndinkamuveka Malita chipewa cha ubweya kuti tipite ku tchalitchi. Chala changa chinafika pa khutu lake, kamoto n'kumuluma. Mwana analira, n'kuthawira kwa agogo ake akunena kuti, "Amayi andiwotcha." Pasanathe masiku ambiri chikuku chinalowa mu komboni. Ana ambiri anadwala, ena tinakaika. Malita anadwalanso, thupi lonse moto, maso ofiira. Ana a anthu ena ankadwala chikuku. Mwana wanga yekha ndiye ankadwala manja a amake.

Apongozi anaitana mneneri wa mkanjo woyera kuchokera pa pulazi yoyandikana nayo. Anafika atauzidwa kale zonse panjira. Anandigwadika pabwalo dzuwa lili pamutu, anthu atazungulira, anandithira madzi amchere m'manja, n'kunena m'Chishona kuti ndine muroyi, ndiko kuti mfiti, wosadzidziwa. Akulu a tchalitchi chathu, amene sankagwirizana ndi aneneri otere, tsiku limenelo anali ndi ntchito ina. Amayi a Lachinayi anaima kumbuyo, manja atapinda m'zitenje.

Ndinayang'ana amuna anga. Ndinati, "Bambo a Malita, inu mumandidziwa. Nenani."

Iwo anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Uyambe wachoka kaye, tione ngati mwana achira."

Bambo anga ankatiuza kuti kwawo ku Dedza ana ndi a mkazi. Banja likatha mwamuna amatola mkeka wake n'kumapita, ana n'kutsala ndi amawo ndi amalume awo. Koma pa pulazi nyumba ndi ya amene akugwira ntchito ya mwezi, ndipo amalume anga anali ku dziko limene sindinalionepo. Makolo anga onse anali kuseri kwa mabani. Ndinamanga zitenje zanga ndi poto mmodzi. Sanandilole kumugwira Malita potsanzika. Ndinamuonera pa zenera, atagona pa miyendo ya agogo ake.

Anachira, monga anachirira ana ena ambiri. Kuchira kwakeko kunandimaliza, chifukwa aliyense anati, "Si izo."

Ndinabwera kuno ku Centenary kwa mchimwene wanga, amene ankagwira ntchito pa pulazi ya thonje. Kutola thonje inu simukudziwa. Mumaona loyera lofewa m'mabelo, koma chikhokho chake chimabaya ngati minga, ndipo msana umaweramira dzuwa kuyambira mame asanaume. Mvula yoyamba isanathe ndinamva kuti a Laisoni alowetsa m'nyumba Joyisi, mtsikana wa m'shedi yosankhira fodya, ndipo ali kale ndi khanda. Sukulu sindinapite nayo patali, koma miyezi ya mimba ndimaidziwa.

Ndinkapita ku Raffingora kamodzi pa chaka, thonje likatha. Ulendo wake unali wa mabasi angapo ndi kugona pa siteji, ndi mtedza wokazinga m'thumba. Ndinkanyamula diresi, nsapato, nthawi zina mabuku olembamo. Ndinkaima kunja kwa mpanda, apongozi n'kulandira katunduyo ndi nsalu, kukamuchapa kaye asanamupatse mwana. Malita ankandipatsa moni ali chapatali, manja kumbuyo. Anamuphunzitsa kuti cha m'manja mwa mayi uja sadya.

Apongozi atamwalira, Malita anali atatha msinkhu, ali ku sekondale. Chaka chimenecho ndinafika mwezi ngati uno, mphepo ikuulutsa fumbi. Joyisi ndiye anandilandira. Sanali munthu woipa, anali mwana chabe pamene ankalowa m'nyumba muja. Anandiitana m'Chishona ngati mkazi wamkulu, nati, "Lowani, maiguru, kunja kuno kuli mphepo." Kanali koyamba kuponda pabalaza paja chichokereni.

Kapeti yofiira inali pomwepo, itasuluka. Gumbagumba inali pomwepo. Joyisi anali ndi botolo la madzi loboola chivindikiro, akuwaza pa kapeti. Pansi pa tebulo panali beseni la madzi.

"Mukuwaziranji?" ndinamufunsa.

"Bambo anati nyengo ino tiziwaza. Kukauma chinthuchi chimaluma. Ine chinandiluma kangapo nditangobwera, mpaka ndinaphunzira. Ndimavula patapata, ndimayamba ndagwira chitsulo cha zenera, kenako n'kuchikhudza. Zimbale timapukuta ndi kansalu ka thonje konyowa pang'ono. Nayiloni imaitana fumbi."

Ankalankhula akuwaza, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Kenako anaona nkhope yanga, botolo n'kuima m'mwamba.

Ndinayang'ana kuseri kwa gumbagumba. Panali waya womangidwa pa kachitsulo ka kumbuyo kwa bokosi, wotulukira pa ngodya ya zenera. Ndinatuluka n'kuutsata. Unathera pa chitsulo chokhomeredwa m'nthaka, pansi pa mpopi pomwe sipauma. Chitsulocho chinali ndi dzimbiri la zaka zambiri.

Ndinawapeza a Zuze ku galaja akumanga pampu. Imvi zinali zitayamba.

"Alamu," ndinatero, "waya uja kunyumba kuja munaika liti?"

Anapukuta manja. "Tsiku lomwe ndinamasula bokosi lija, mawa lake."

"Ine ndikadali m'nyumbamo?"

"Munali kumpopi. Ndinabwera kudzamaliza inu mutapita kumunda wa ndiwo."

"Ndi wa chiyani?"

Anandifotokozera. Anati nsalu ya nayiloni ndi pulasitiki zikamakhulana kunja kutauma, magetsi amaunjikana m'thupi la munthu, ndipo akapeza chitsulo amadumphira. Anati waya uja umawatsogolera pansi kuti asawononge zam'kati mwa bokosi, ndipo chinyezi chimawabalalitsa. Anati kunyumba ya mzungu zinkachitika chaka chilichonse, dona ankangotukwana n'kupitiriza zake.

"Munawauza bambo a Malita?"

"Ndinawauza pansi pa mabulosi paja. Ndinati achotse kapeti, kapena akugulireni nsapato zina. Anati amva."

"Nanga tsiku lija ndinagwada pabwalo, inu munali kuti?"

"Ndinalipo, alamu." Anatola sipanala n'kuiikanso pansi. "Iwo anali kapitawo. Ine ndinali munthu wothawa nkhondo ya kwathu, wopanda chitupa. Ndinati eni ake anena."

A Laisoni ndinawapeza pa sikelo, akuyang'anira anyamata okweza matumba. Ndinadikira mpaka anyamata atachoka.

"Bambo a Malita, waya uja ndawuona."

"Waya wanji?"

"A Zuze andiuza zonse."

Sanakane. Anakhala pa thumba n'kuvula chipewa. "Ndiye ukufuna ndichite chiyani lero? Amayi anapita. Joyisi ali ndi ana atatu. Zakale zisiye."

"Mukauze anthu. Lamulungu likubwerali muimirire m'tchalitchi munene."

"Kapitawo aimirire n'kunena kuti anathamangitsa mkazi chifukwa cha kapeti? Ndani adzandimverenso kumunda?"

"Muuzeni Malita yekha."

"Ndidzamuuza akakula."

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanakadandaula kwa yani? Ndinamudikira Malita panjira yochokera ku sukulu. Ndinamuuza zonse, za kapeti, za waya, za a Zuze. Anamvetsera atakumbatira mabuku pachifuwa, pakati pathu pali mpata woti ngolo n'kudutsa. Nditamaliza anati, "Ndamva. Ndipite, mainini akundidikira." Ankanena Joyisi, amayi ake aang'ono. Ndinakwera basi madzulo omwewo.

Za kutengedwa kwa mapulazi a azungu munaphunzira ku sukulu, ngakhale mabuku anu satchula ife. Tsiku lina anthu a mu komboni ya ku Raffingora anauzidwa kuti abwerere kwawo, ngati kuti kwawo kunalipo. Ukapitawo unathera pomwepo. A Laisoni anakakhala kwa Malita ku Chinhoyi, iye atayamba kale uphunzitsi, ndipo anamwalirira komweko iwe Tendai ukukwawa. Gumbagumba sindikudziwa amene anaitenga. Ndinamva kuti lole inali yaing'ono, ndiye anasankha bedi. Pa maliro ndinapita. Ena mwa amayi akale a mu komboni analipo, ndipo nditayandikira ku miphika kuti ndithandize, mmodzi anandiuza mokoma mtima kuti ndipumule, ndachokera kutali. M'tchalitchi muja a Laisoni sanaimirire, ndipo mpaka lero pali anthu ku Raffingora ndi ku Shamva, kumene ena anathawira kukakumba golide, amene akamva dzina langa amati, "Uja wa moto m'manja."

Musaganize kuti amayi anu ndi ouma mtima. Zimenezi amazidziwa kuposa a Zuze, amaphunzitsa ana a anthu za magetsi omwewa ndi chipeso chokoka timapepala. Atabala Rudo anabwera kuno yekha, anakhala pa mpando umene wakhalapo iwewo, n'kunena kuti, "Amayi, ndikudziwa kuti sizinali zoona. Bambo sanandiuze, koma ndikudziwa." Tinalira tonse. Ndi iye amene anandiikira sola padengapa, ndi iye amene amatumiza shuga ndi mankhwala a miyendo. Amakutumizani kuno tchuthi chilichonse, mumadya zophika ine, ndimakuluka tsitsi iwe Rudo, ndipo sanaletsepo.

Koma Lamulungu akabwera kudzakutengani, mudzayang'ane mwakachetechete. Ndidzathira tiyi m'kapu n'kumupatsira. Adzamwetulira, manja ake ali pa miyendo, n'kunena kuti, "Ikani pomwepo, amayi, nditenga." Musadzamufunse, chifukwa iye mwini sadziwa kuti amatero. Mutu wake unaphunzira ku koleji, koma manjawo anaphunzitsidwa ali ndi zaka zinayi. Ndiye ine ndimaika kapu pa tebulo, n'kubweza dzanja langa, iye n'kutenga.